Kwanu Nkuti? Malangizo kwa Ana Obadwira ku Makata

Ambiri a inu munabadwira ku Gulupu kapena pachipatala chaching'ono cha ku Ndirande, mwakulira m'nyumba za lendi, ndipo munthu akakufunsani kwanu mumatchula boma, mfumu yaikulu ndi mudzi monga momwe zinalembedwera pachiphaso chanu cha unzika. Ena mwa inu mudziwo simunaupondemo n'kamodzi komwe. Sindikukudzudzulani, ana anga, pakuti si inu munasankha kubadwira m'tauni. Koma ine ndakalambira kuno, ndagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata mpaka mawondo kuyamba kukana, ndipo ndaona abale akusowana ali moyo: mwana wa mlongo ndi mwana wa mchimwene kukhala mzere umodzi wa nyumba osadziwana, maliro kuchitika popanda mmodzi yemwe wodziwa dzina la mayi ake a malemu. Munthu wa banja losauka angathe kulondola mtundu wake. Njira yake ilipo, koma chaka chilichonse ikunka nitsekeka, chifukwa eni ake oidziwa tikuwaika m'manda.

Muyambe ndi kudziwa kuti boma silinatilembe. Ku England, mdzukulu wa munthu amene ankaluka nsalu mufakitale ku Manchester kapena kukumba malasha angathe kukhala pansi ndi kompyuta n'kupeza makolo ake mibadwo ingapo mmbuyo, ngakhale anali amphawi otheratu. Matchalitchi akumeneko analamulidwa kulemba maubatizo, maukwati ndi maliro kuyambira mu 1538. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatira ndi omwalira mu 1837, ndipo kuyambira mu 1841 akalembera ankalemba maina a anthu nyumba ndi nyumba, pamodzi ndi zaka zawo ndi ntchito zawo. Angerezi omwewo atatenga dziko lino mu 1891 sanachite zimenezo kwa ife. Lamulo lawo la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye kulembetsa ana awo. Ife ankatiwerenga kuti adziwe msonkho wa nyumba ndi manja ogwira ntchito. Lamulo loti Mmalawi aliyense alembedwe linakhazikitsidwa mu 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, wachitika mu 2017, dzana lomweli. Ngakhale Dr Kamuzu Banda, boma linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, pamene olemba mbiri amati ndi cha m'ma 1898. Ngati chaka chobadwa cha mtsogoleri wa dziko chili chokanganirana, nanga agogo anu amene ankasenza mabelo a thonje pamutu anawalemba ndani?

Kaundula wathu ndi nkhalamba, makamaka nkhalamba zachizimayi. Abambo amakumbukira mabwana awo, malipiro awo ndi maulendo awo. Koma yemwe anabereka yani, mwana uti anayamwa bere la mayi wina mayi ake atamwalira, ndani anakwatiwa kawiri, zimenezo zimakhala ndi azakhali ndi agogo aakazi, chifukwa ndiwo ankakhala m'chikuta ndi m'nyumba ya siwa. Pambuyo pa iwo pitani kwa amalume, mwini mbumba, ndi kwa ankhoswe a ukwati wa makolo anu, pakuti nkhoswe imadziwa mbali zonse ziwiri.

Mbali ziwirizo musazipepuse. Kuno kummwera, kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, monganso kwa Achewa, mtundu umatsata kuchikazi. Mwamuna ankapita chikamwini, ana n'kukhala a kwa mayi, ndipo munda ndi manda zinali kwa mayi. Tsono sukulu, tchalitchi ndi ofesi zinatiphunzitsa kulemba dzina la bambo. Mukangotsata dzina limene lili pachiphaso chanu, mudzafika kumudzi kumene adzakulandirani bwino, kukuphikirani nkhuku, n'kukuuzani mwaulemu kuti ndinu ana a mwana wawo koma kwanu si kuno. Kwa Asena, Atumbuka, Angonde ndi Angoni ena kumene amalowola, zimatembenuka, ana ndi a kuchimuna. Ambiri a inu ana a m'tauni munabadwa kwa mayi wa mwambo wina ndi bambo wa mwambo wina, ndipo alipo amene mbali iliyonse imati ndi a mbali inayo. Amenewo ndiwo ayenera kufulumira kuposa onse.

Kafunsidwe kake nakonso n'kofunika kukaphunzira. Musafike ndi kope m'manja ngati wapolisi wofufuza mlandu. Nkhalamba zathu zinakhalapo m'nthawi imene munthu wofunsafunsa maina n'kumalemba ankabweretsa msonkho kapena ndende, ndipo thupi lawo silinaiwale. Tengani shuga, mchere ndi sopo, gonani masiku angapo, khalani pamphasa, thandizani kutong'ola chimanga kapena kusenda nandolo, nkhani ibwere yokha. Nkhalamba ili ngati chitsime cha pamchenga: umatunga pang'ono, n'kudikira madzi abwerere, ukakumba mwaphuma umangotunga matope. Zimene akana kunena Lolemba adzazinena Lachinayi usiku, osafunsidwa. Ngati mukufuna kujambula mawu awo pafoni, apempheni kaye, ndipo akanena kuti apa zimitsa, zimitsanidi. Aliyense mumufunse payekha, chifukwa pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu ngakhale akudziwa kuti walakwitsa. Awiri akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena chilichonse. Musasankhe msanga chimene chakukomerani.

Nkhalamba musaifunse chaka. Ikupatsani chaka chilichonse kuti ikusangalatseni. Ifunseni kuti pa njala ya 1949, ija amati ya 49, inali yaikulu bwanji: inali kumbuyo, inkadziwa kutunga madzi, inali itatha msinkhu, kapena inali ndi mwana kale? Inuyo ndiye musunge zaka m'mutu. Nkhondo ya Chilembwe ndi 1915. Chimfine chachikulu chinabwera kumapeto kwa 1918. Napolo wa ku Zomba ndi Disembala 1946, zipolowe za ku Thyolo ndi 1953. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anthu anamangidwa pa 3 Malichi 1959, ufulu unabwera mu 1964, ndalama ya kwacha ndi tambala inalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Kwa makolo anu enieni zizindikiro zake ndi Napolo wa ku Phalombe mu 1991, sitalaka ya kufakitale ya David Whitehead mu Meyi 1992 imene inayambira konkuno ku Makata n'kugwedeza mzinda wonse wa Blantyre, riferendamu ya 1993 ndi njala ya 2002. Mukadziwa kuti mwana woyamba anabadwa asilikali akubwerera kuchokera ku Burma, ndipo wachiwiri ankayamwa pa njala ya 49, ena onsewo muwaika m'malo mwawo, popeza kale ana ankatalikirana zaka ziwiri kapena zitatu.

Chimene chidzakuvutitseni koposa ndi maina. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali kapena kujando, la ubatizo ndi la kuntchito. Maina ngati Sipuni, Foloko, Tebulo ndi Kabichi ambiri anachokera m'makhitchini ndi m'maesiteti a azungu, ndipo lero ndi maina a mabanja athunthu. Wina ankapita ku Joni ndi chiphaso cha mbale wake. M'badwo wathu uno ana ambiri anasintha dzina pobwereza Sitandade 8 kuti apeze mwayi wosankhidwa kupita kusekondale, ndipo dzina lobwerekalo linawakanirira mpaka pa penshoni. Kuwonjezera apo, dzina lachiwiri silinkakhazikika: mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake, mwana wa iyeyo n'kutenganso loyamba la bambo ake, motero m'badwo uliwonse unali ndi dzina lakelake. Choncho pa munthu aliyense funsani kuti, kodi ankadziwikanso ndi dzina liti? Ndani anamutcha? Funsaninso mfunda kapena chiwongo, chifukwa chimenecho sichisinthasintha. Agogo amene inu mumangowadziwa kuti Anaphiri, Anabanda kapena Anangozo akukuuzani kale mtundu wawo. Ndipo kwa Ayao, mayi akamatchedwa Abiti uje, dzina lotsatiralo ndi la bambo ake, ndiye kuti mwapeza m'badwo wina popanda kuvutika.

Mudziwenso kuti mudzi umene mumautcha kwanu nthawi zambiri unali pongopumira paulendo wautali. Blantyre ndi mzinda wa obwera. Mishoni ya Asikotishi inakhazikika mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, kampani ya Mandala inatsatira mu 1878, njanji inafika mu 1908, ndipo chilichonse mwa zimenezi chinkakoka anthu: amtengatenga, oumba njerwa, ophika, ochapa, okonza njanji. Ayao anali atangolowa kumene m'mapiri ano kuchokera kummawa. Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anasanduka mafumu kuchigwa cha Shire. Asena ambiri anakwera ndi njanji kuchokera kumunsi. Mafakitale a ku Makata anabwera mochedwa: David Whitehead inatsegulidwa mu 1967, fakitale ya mowa ya Carlsberg mu 1968, ndipo Ndirande inatupa ndi anthu amene ankafuna kugona pafupi ndi geti la ntchito kuti aziyenda wapansi.

Ambiri mwa anthu amenewo anachokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo makolo awo anali atachokera kutsidya kwa malire. Alomwe anayamba kulowa mwaunyinji kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho, chikwapu ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe pafupifupi 120,000, ndipo pofika 1945 anali ataposa 370,000. Malo okhala anawapeza m'maesiteti a azungu, kumene lendi yake inali thangata, kugwira ntchito m'munda wa mwini esiteti miyezi ingapo pachaka. Thangata anathetsedwa mu 1962. Ngati kwanu ndi kumeneko, musakhutire ndi yankho loti ndife Alomwe. Funsani kuti Alomwe ake ati: Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje? Anawoloka mtsinje uti? Phiri limene ankalitchula ndi liti? Anafikira paesiteti ya yani, ndipo kapitawo wake anali ndani? M'mapepala akale a boma muwapeza atalembedwa kuti Anguru, dzina limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 mpaka boma linalisiya. Maina a malo nawonso anasintha. Port Herald ndi Nsanje, Fort Johnston ndi Mangochi, Cholo ndi Thyolo, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata, Salisbury ndi Harare, Wankie ndi Hwange, Broken Hill ndi Kabwe. Wosadziwa zimenezi amadutsa pepala la agogo ake osalizindikira.

Mapepala alipo ndithu, ngakhale ndi ochepa, ndipo oyamba ali m'nyumba mwanu momwemo, musutikesi yakale ija ya pansi pa bedi imene ana saloledwa kutsegula. Pemphani kuti muione eni ake akali moyo, chifukwa tsiku logawa zovala za malemu mapepala amatayidwa ngati zinyalala kapena kuyatsira mbaula. Mmenemo mumapezeka khadi la ubatizo, khadi la chopereka, mtchatho wa ukwati, malisiti a msonkho, khadi la chipani, khadi la kusikelo, kalata yolembedwera ntchito, makalata ochokera ku Joni. Envelopu musaitaye, chifukwa chidindo cha positi chimanena malo ndi tsiku, ndipo kuseri kwake kumakhala keyala ya wotumiza. Baibulo lakale mulitsegule kuchikuto, pakuti madikoni ndi amayi a Mvano ambiri ankalemba masiku obadwa a ana awo pamenepo.

Kuchoka apo pitani kutchalitchi. Amene anatilemba mosamala kuposa boma ndi amishoni. Kaundula wa ubatizo wa Akatolika amatchula makolo onse awiri, mudzi ndi wolera pa ubatizo, ndipo kawirikawiri ukwati wa munthuyo umadzalembedwa m'mphepete mwa tsamba lomwelo. Koma musakafunse kuparishi yatsopano. Mabuku akale amakhala kuparishi imene inabala zinazo, monga Nzama ku Ntcheu imene inayamba mu 1901, Nguludi ku Chiradzulu kapena Limbe. A CCAP ayambe ndi mpingo wa kumudzi kwawo, kenako mishoni zakale monga Blantyre, Domasi, Zomba ndi Mulanje. A Seventh Day ali ndi Malamulo ku Thyolo kuyambira 1902. A PIM akumbukire kuti mishoni ya ku Mbombwe inatsekedwa mu 1915 ndipo inatsegulidwanso ndi Dr Daniel Malekebu mu 1926, choncho pakati pamenepo pali mpata. Asilamu afunse mashehe akale a mumzikiti wa kumudzi, ndipo asaphonye sadaka, chifukwa pasadaka pamasonkhana abale amene sungawapeze pamodzi tsiku lina lililonse. Kulikonse kumene mungapite, pitani ndi dzina, mudzi ndi zaka zoyerekeza. Mlembi wa mpingo ali ndi ntchito zake, sangakuwerengereni mabuku a zaka makumi asanu chifukwa choti mwatchula dzina limodzi.

Pa za ku Joni ndichedwepo, chifukwa mabanja ambiri a kuno anapereka mwamuna kunjira imeneyo. Depoti ya mabasi imene mumaitcha Wenela inatenga dzina ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ku South Africa. Linalipo linanso, Mthandizi, lotengera anthu kuminda ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ulendo unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutha mu 1988 pamkangano wa kuyeza magazi. Migodi inkalemba munthu mosamala chifukwa inkamuwerengera ndalama: dzina, mudzi, mfumu, chidindo cha chala ndi nambala. Nambala imeneyo ndi yamtengo wapatali. Ngati agogo anu aamuna akali moyo, afunseni lero. Ambiri amaitchula pamtima ngakhale ataiwala zina zonse. Afunseninso dzina la mgodi ndi zaka zimene analowa ndi kutuluka.

Izi si zongosangalatsa mtima. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zolipira anthu amene anadwala chifuwa cha fumbi la miyala kapena TB chifukwa cha ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, ndipo ntchito yolipirayo ili m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust. Amasiye ndi ana a omwalira nawonso angadandaule, koma amafunika kusonyeza kuti malemuyo anagwiradi ntchito mumgodi wakutiwakuti, ndi kuti iwo ndi akedi. Banja limene linasunga nambala ndi mapepala lili ndi poyambira. Kupereka dandaulo kubungwelo n'kwaulere, choncho munthu wobwera pakhomo kudzatolera ndalama kuti akulembetseni mumuchenjerere.

Ena anapita osabwerako, amene timawatcha matchona. Musawafafanize pamndandanda. Ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare, kumigodi ya ku Hwange, ku Kabwe ndi ku Copperbelt kuli zidzukulu zawo, zina zikuvinabe gule wamkulu, zina zikupemphera mu CCAP ya Sinodi ya Harare, ndipo zambiri zikufunafuna mudzi umene agogo awo ankautchula. Iwo ali ndi dzina la mudzi koma sadziwa njira. Inu muli ndi mudzi koma simudziwa kumene munthu wanu anathera. Apa ndiye pamene Facebook ndi WhatsApp zimathandiza. Lembani dzina la munthuyo, mfunda wake, mudzi, mfumu ndi zaka zimene anachoka. Wina akayankha, musamuuze zonse. Mufunseni atchule yekha dzina la mlongo wake wa malemuyo kapena mtsinje wa kumudzi, kuti mudziwe ngati ndi wanudi.

Amene makolo awo anali asilikali a King's African Rifles akaone chipilala cha ku Zomba chimene chili ndi maina a ena mwa amene anafa pankhondo. Koma pankhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa ngati amtengatenga, ndipo ochuluka mwa amene anafera m'njira sanalembedwe paliponse. Dzina la wotere likangotsala pakamwa pa agogo anu, mulilembe inuyo.

Ku Zomba kulinso nyumba yosungira mapepala akale a boma, National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947, ndipo kuno ku Blantyre, pamwamba pa Mandala House, pali laibulale ya Society of Malawi. Mupiteko, koma musayembekezere kukapeza faelo ya agogo anu. Mapepala ambiri oyambirira anapsa pamoto umene unagwira maofesi a boma ku Zomba mu 1919, ndipo otsalawo amakamba za mafumu, malire a midzi, maesiteti, msonkho ndi milandu. Munthu wamba amatulukiramo pokhapokha atakhala mboni, wodandaula kapena woimbidwa mlandu. Phindu lake n'lakuti mumamva dziko limene makolo anu ankakhalamo: chifukwa chake mudzi unasamuka, chaka chimene esiteti inagulidwa ndi boma n'kugawidwa. Mabuku awiri a 1987 angakuonetseni m'mene ntchitoyi imagwiridwira. Landeg White analemba mbiri ya Magomero potsata anthu wamba a mudzi umodzi, ndipo Megan Vaughan analemba za njala ya 1949 m'boma lino la Blantyre pomvera amayi amene anaipirira. Onse awiri anaphatikiza mapepala a ku Zomba ndi mawu a nkhalamba za m'midzi.

Kumanda musalowe nokha. Pemphani kwa amfumu, mupite ndi adzukulu okumba manda kapena mkulu wa banja, chifukwa iwo amadziwa mitumbira yopanda chiliza, ndipo kagonedwe ka mitumbirayo kamasonyeza yemwe ali wa limana liti. Chaka cholembedwa pachiliza chimene chinamangidwa patapita zaka zambiri muchitenge mosamala. Chaka chomwalira chimakhala choona kawirikawiri, chobadwa nthawi zambiri n'choyerekeza.

Pali zina zimene mudzapeze zimene sizidzakukondweretsani, ndipo ndikufuna mukonzekeretu mtima. Mudzamva kuti gogo wina sanali mbadwa ya mudziwo, anagwidwa pankhondo kapena anaperekedwa kulipira mlandu, ndipo n'chifukwa chake limana lanu silidya ufumu. Mudzamva kuti pa njala ya 49 mwamuna wina anati akukasuma ndipo sanabwerenso, kusiya mkazi ndi ana. Mudzamva za banja lachiwiri ku Bulawayo, za mwana amene bambo ake si amene mumawadziwa, za wina amene anatsekeredwa ku Mikuyu ndi wina wa banja lomwelo amene anamunenera. Mabanja a Mboni za Yehova, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972 ndipo ena ku Mozambique, n'kubwerako atabalalika. Pankhondo ya ku Mozambique anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ndipo ena anakwatira n'kutsalira, osafunanso kutchula kwawo. Kenako matenda a Edzi anachotsa m'badwo wapakati, ana ambiri n'kuleredwa ndi anthu amene sanawauze zonse. Zimenezi muzilembe moona, pakuti anthu amenewo anakumana ndi zimene inu simunakumane nazo, ndipo kupirira kwawo ndiko kunakufikitsani pano. Koma chinsinsi chimene nkhalamba yakuuzani usiku si cha pa Facebook. Ngati chikukhudza munthu amene akali moyo, chisungeni mpaka eni ake atalola.

Musadzipangire ufumu. Ndamva anyamata ambiri akunena kuti kwawo ndi kubanja lachifumu, ngati kuti kubadwa kwa munthu wothyola tiyi n'chamanyazi. Amene anathyola tiyi ku Thyolo, kuyala njanji, kuumba njerwa za tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi kuluka nsalu ku Makata ndiwo anamanga mzinda uno, ndipo maina awo sali pamsewu uliwonse. Mukawasiya inu n'kumakasaka mfumu yoti muikakamire, palibenso wina adzawatchule. Musasandutsenso kafukufukuyu chida cha tsankho. Mupite ku Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Umhlangano ku Ntcheu ngati mtima wafuna, n'zabwino, koma ambiri olondola moona mibadwo inayi kuno kummwera amapeza mitundu yosakanikirana, Mlomwe, Myao, Mmang'anja kapena Mngoni, m'magazi mwawo. Ndipo mukafika kumudzi, nenani poyera kuti simunabwerere munda. Abale akangoganiza kuti mwana wa m'tauni wabwera kudzayeza malo, pakamwa ponse pamatsekeka.

Makolo anu enieni, amene mukudya nawo nsima lerowa, muwalembenso, chifukwa adzukulu anu adzavutika nawo monga mukuvutikira inu ndi agogo anu. Makampani amasintha manja ndi maina: David Whitehead inagulidwa ndi Mapeto mu 2003, Carlsberg inapita kwa Castel mu 2016, njanji inachoka m'manja mwa Malawi Railways mu 1999. Ambiri mwa anthu a kuno sanalembedwe n'komwe ntchito yokhazikika, ankangoima pageti m'mawa kudikira ganyu, ena kugulitsa makala, mandasi ndi kaunjika mumsika wa Ndirande. Amenewo palibe faelo yawo kwina kulikonse. Afunseni chaka chimene anafika m'tauni, amene anawalandira, nyumba zimene anachitamo lendi, kaya ku Goliyo, ku Chinseu, ku Safarao kapena ku Malabada, ntchito zonse zimene anagwirapo, ndi kumene kunaikidwa ana amene anamwalira ali aang'ono, pakuti amenewo ndiwo amayamba kuiwalika.

Gulani kope la chikuto cholimba. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake: maina ake onse, mfunda, mayi ake, bambo ake, abale ake motsatana kubadwa, kumene anabadwira, kumene anakhalako, kumene anaikidwa, ndipo pansi pake amene wakuuzani ndi tsiku limene wakuuzani. Chimene mwangoyerekeza muchilembe ndi pensulo. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani amene alipo, malo ndi chaka. Foni yokha musaidalire, imabedwa ndiponso imafa, koma kope lokhanso silokwanira: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda uno pamodzi ndi zonse zinali m'katimo. Jambulani tsamba lililonse ndi pepala lililonse, mutumize kwa abale atatu okhala malo osiyana, mmodzi akhale wa kumudzi, ndipo mapepala enieniwo muwakulunge m'pulasitiki n'kuwaika pamwamba. Mukamaliza mbali imodzi ya banja, kawerengereni amalume ndi azakhali mokweza kuti akonze pamene mwaphonya, ndipo zimene akonzazo muzilembe pambali osafufuta zoyambazo.